Batani la Ayi

Masiku ano mpopi wa m'mudzi umatseguka ndi foni basi. Tsiku lina m'mawa, Nankhoma atangodzaza chidebe chimodzi, foni inamufunsa kuti, "Simukufunanso madzi?" Iye anadina "Ayi", poti ankawafuna. Mpopi unadzitseka mpaka mawa lake.

Anafika kunyumba atapsa mtima, zidebe zinazo zili zouma. Pakhonde panali mlamu wake Yotamu, yemwe ntchito yake ndi kuyesa mabataniwo asanafike kwa anthu.

"Mwadina polakwika, alamu," anatero Yotamu. "Ife tinayesa, palibe vuto."

Dzuwa lili paliwombo, Nankhoma anatuluka ndi kapu ya madzi.

"Alamu, simukufuna madzi?"

"Ayi, ndikufuna."

"Mwati ayi," anatero Nankhoma, n'kugugudiza kapu yonse Yotamu akuona.