Mpheta, Nthengu ndi Makoko a Chimanga

Padangokhala, anthu atakolola chimanga, mbalame ziwiri, Mpheta ndi Nthengu, zinakanganirana zotsala m'munda.

"Tiotche zinyalalazi, alamu, tidye ziwala," anatero Nthengu.

"Ayi, m'makokomu muli ulusi," anayankha Mpheta. "Ana anga alibe chofunda."

Anagawana mundawo pakati. Nthengu anayatsa mbali yake, nakhuta ziwala tsiku lomwelo. Mpheta ankang'amba makoko, kuwaviika m'madzi, n'kumapota. Ulusi unkaduka, mlomo unatupa, Nthengu akumuseka, koma iye ankalumikiza n'kuyambiranso mpaka chofunda chinatheka.

Chisanu cha Juni chitafika, ana a Mpheta sanachimve n'komwe. Nthengu atazizidwa anakadzikwirira m'phulusa la munda wake, ndipo anatulukamo ali bii. Mpaka lero sanayere.