Fomu ya Khanda Lotuluka M'chikuta

Lamulo linkati mwana akamatuluka m'chikuta, akubanja amulembetseretu zomwe adzaphunzire ku yunivesite. Zikalowa m'makina a boma, sizisinthanso.

Ndaziona akwawo anamusankhira za migodi asanathe n'komwe sabata padziko. Chonsecho mtima wake unali pa ziweto. Mbuzi ikadwala m'mudzimo, ankathamangira kwa iyeyo.

Tsiku lotuluka khanda la achemwali ake, bambo ake a Ndaziona anamupatsa fomu.

"Lemba ndiwe, wophunzirawe."

"Ababa, bwanji timudikire ayambe wayankhula?"

"Makina atseka madzulo ano, mwanawe."

Ndaziona anayang'anitsitsa timanja tofumbata ta khandalo. Kenaka analemba: udokotala wa ziweto.

Bambo aja anawerenga, n'kupukusa mutu.

"Nanenso ndinatero pa iwe. Migodiyo ndinkaifuna ndine."