Chiswe Chokwera Njinga

Anjelina anagwada pansi pa chigafa cha fodya akujambula padothi ndi kamtengo.

"Apa mandimu, apa mapeyala, nthochi kuseri kwa chulu. Ine ndizifinya juwisi, inu muzikagulitsa ku Malomo pa tsiku la msika. Mukumva, abambo a Chisomo?"

Mwamuna wake, Dominiko, anangogwedeza mutu. Sanafunse n'komwe kuti chulucho n'chiti, poti munda wawo unalibe chulu. Maso ake anali pa mbande zomezanitsa zomwe anavutikira limodzi chilimwe chonse. Zinangotsala zowerengeka. Zinazo akuti zinadyedwa ndi chiswe. Chiswe ndithu, koma cha miyendo iwiri, chodziwa kupalasa njinga.

Munthuyu anali mkamwini. Anaona ndi maso ake zomwe zinamugwera mnzake Mateyu: mkazi atamwalira, achibale anamulozera msewu, mango ake n'kutsala akudyedwa ndi eni dothi. Dominiko anati ine zimenezo ayi. Akamati akukazonda mayi ake kuseri kwa phiri, ankabisa mbande ziwiri zitatu m'thumba n'kukabzala kwawo. Kumeneko zinkakula mokondwa. Ankazipeza zothiriridwa bwino, m'tsinde mophimbiridwa ndi makoko a mtedza, n'kumadabwa kuti mlongo wake ulesi unamuthera liti.

Koma kubera mkazi wako n'kowawa, makamaka mkazi wosakayikira. Anjelina anathira phulusa kuzungulira mbande zotsalazo kuti apirikitse chiswecho. Lachinayi lililonse ankalawirira ku msonkhano wa amayi kutchalitchi atasenza kathumba, n'kubwerako miyendo ili mbuu, koma pakamwa pali nkhani ya mabotolo ndi shuga basi. Dominiko akamamumvetsera, manyazi ankamudya kuposa mmene chiswe chenicheni chikanadyera mitengoyo.

Tsikuli anati zivute zitani, aulula. Akamuthamangitsa pamudzipo, bola apite mtima utapepuka.

"Amayi a Chisomo," anayamba Dominiko, "za chiswe chija…"

Anjelina sanamudikire. Ananyamula mbande ya mandimu yonenepa kuposa zonse n'kumuika m'manja.

"Iyi mukaibzale pafupi ndi chulu kwanu kuja, mzere wa kumtunda uja ukuperewera imodzi. Ine ndatopa nako kukwera phiri ndi makoko pamutu. Amalume anavomera kalekale kuti ndipite chitengwa, akungodikira pakamwa panu." Anasasa fumbi m'mawondo n'kumuyang'ana m'maso. "Mitengo mwasamutsa yonse, bambo. Nanga ine mudzanditenga liti?"