Denga Lotengera Phiko la Gulugufe

Dzuwa litafika paliwombo, achimwene ake anatsika padenga akupukuta manja. "Ndamata ponse. Zatsala ndi zako, Mzime."

Mzime analowa m'chipinda cha bambo ake. Chidwalireni sitiroko, bambowo sankadzuka pabedi, ndipo masana aliwonse malata ankawaphika mpaka pilo kunyoweratu. Adokotala anali atanena mosabisa kuti mtima wawo sungapirirenso kutentha kotere.

Chipepala choyera chimene chinamatidwa pamalatacho anachipanga iye ndi anzake kuntchito, potengera phiko la gulugufe. Phikolo lili ndi timamba ta timizere tosaoneka ndi maso, timene timabweza kuwala kwa dzuwa n'kutaya kutentha. Kuntchito chinkatheka, koma padenga la munthu anali asanachiyesepo.

"Wafika wothamangitsa agulugufe uja," anatero bambowo, mawu akutuluka mokoka. "Anzako akuchiza anthu, iwe uli pambuyo pa tizilombo."

"Gonani, ababa, musandilaule."

Anakhala pambali pa bedi, nagwira dzanja lawo lopuwalalo. Beseni la madzi ndi kathaulo zinali pafupi, monga mwa masiku onse. Maso ake ankangoti kumalata, pamphumi pa bambo, kumalatanso.

Pamphumipo panakhalabe pouma.

Patapita nthawi, bambowo anagwedeza phazi. Mzime anadzambatuka.

"Chavuta n'chiyani, ababa? Kwayamba kutentha?"

"Iyayi, mayi wanga," anayankha atatsinzina, tulo tili m'maso. "Tandifunditsa kansalu kumapaziku."