Mbuzi ya Khumi ndi Chitatu

"Amene akufuna bungwe la ife antchito adumphe!" analemba Esinam.

Pakompyuta pake mbuzi zonse zinadumpha. Anaziwerenga, zinakwana khumi ndi zitatu.

Bwana Quaye anali ataletsa misonkhano pakampani yawo yopanga masewera apakompyuta ku Accra. Choncho antchitowo ankakumana m'kati mwa masewera a mbuzi omwe ankapangawo, aliyense ndi mbuzi yake, ali phee pampando ngati akugwira ntchito.

"Zatheka!" ananong'ona Dzifa, woyandikana naye, akuvina ndi mapewa okha.

"Iwe, tilipo khumi ndi awiri," anatero Esinam. "Inayo ndi ya ndani?"

Chitseko cha ofesi chinatseguka. Bwana Quaye, omwe zaka zinayi zonse anali asanasewerepo masewerawo, anatulukira mano onse ali pamtunda.

"Anthuni, kukoma kwake! Ndaona zinzake zikudumpha, yanganso ndaidumphitsa."

"Mwawerenga zolembedwa pamwambapo, bwana?" anafunsa Esinam.

"Aaa, amawerenga zimenezo ndani? Tandiuzani, ndawina chiyani?"

Dzifa analowa pansi pa tebulo, phwete lamugwira.

"Msonkhano, bwana," anayankha Esinam mwaulemu. "Lolemba m'mawa. Mubwere ndi cholembera chosainira za bungwe lathu."