Mafelemu Amene Ankanyamula Khoma

Panali munthu wina amene anzake ankamutcha Chaphuma, chifukwa chilichonse ankafuna chithe dzulo. Akuti bambo ake pomwalira anamusiyira nyumba yosanja ya njerwa, yakale zedi, yoti alendo ankaima pamsewu n'kumaijambula. M'chipinda cha pamwamba munkagona mayi ake, okalamba komanso ovutika miyendo. Nyumbayo inali itatopa. Denga linkadontha, mawindo sankatsekeka, njerwa zina zinkafumbutuka.

Chaphuma anaitana mlamu wake, mmisiri womanga, kuti adzaione.

"Alamu, nyumba iyi sifuna phuma," anatero mmisiriyo. "Taonani pamwamba pa mawindowa, palibe konkire. Njerwa zonsezi zagonera pa mafelemu a matabwawa. Tizichotsa windo limodzi, tichirikize khoma, tikonze, tibwezeretse. Denganso chimodzimodzi, mbali imodzi kaye."

"Ndiye tidzamaliza liti? Mvula ili pafupi."

"Mwina chaka chamawa."

Chaphuma anaseka chikhakhali. "Inu alamu, ngakhale kufunsira mlongo wanga kunakutengerani zaka!"

Posakhalitsa kunabwera bambo wina wa lole, wolankhula mokoma, foni yake yodzaza ndi zithunzi za nyumba zakale zowala ngati zatsopano.

"Bwana, mwezi uno usanathe ndikhala nditamaliza. Mafelemu ndi mitanda ya denga ndikapalira ku shedi kwanga. Ndalama mudzandipatsa mukaona ntchito."

Apa ndi pamene Chaphuma anagwera. Anati wakuba sangakane ndalama. Sanadziwe kuti mkuluyo ankafuna matabwa akalewo, amene ogula amawalimbirana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku limodzi lokha, anthu a mkuluyo anazula mawindo onse a pansi, nasasula denga, n'kuphimba ndi lona. Sanachirikize paliponse. Mayi aja anakana kusamuka.

"Ndinalowa muno ndili mkwatibwi," anatero. "Abweze mawindowo msanga, mphepo ikukwera masitepe."

"Abweretsa mawa, amayi."

Mawa linafika, lole osaoneka. Foni inayamba kuitana osayankhidwa, kenako inasiyiratu kupezeka. Kumene ankati kuli shedi, Chaphuma anakapezako malo osukira magalimoto. Koma manyazi anamutseka pakamwa. Mayi ake akafunsa, yankho linali lomwe lija: mawa.

Pamwamba pa windo lina panaoneka mng'alu wonga ulusi. Chaphuma anaumata ndi simenti. Kutacha unatsegukanso, wolowa chala. M'nyumba munkamveka mchenga ukuyoyoka, waa, n'kusiya, waa. Ankangozungulira nyumbayo, diso lina ku khoma, lina ku mitambo imene inkaderaderabe.

Masana ena mphepo inang'amba lona, madontho n'kuyamba. Mayi ake anakuwa ali pamwamba.

"Mwanawe! Chitseko changa chikukana kutseguka!"

Apa manyazi anatha. Chaphuma anaimbira mlamu wake.

"Alamu, ndinalakwa, munthu uja..."

"Zimenezo tikamba bwino. Chitseko chikakana ndiye kuti khoma layamba kutsika. Atsitseni amayi pompano!"

Chaphuma anathamangira pamwamba, nagumula chitseko ndi phewa, n'kubereka mayi ake kumsana. Masitepe ankalira pansi pa mapazi ake. Tizidutswa ta pulasitala tinkawagwera m'mutu.

"Bulangete langa," anatero mayiwo.

"Lisiyeni, amayi!"

Atangowoloka msewu, khoma lonse lakutsogolo linakhala pansi. Fumbi litachepa, bedi la mayi ake linkaoneka lili lende m'mwamba, mvula ikulinyowetsa. Mlamu uja anafika ndi mitengo yochirikizira, koma panalibenso choti achirikize.

Mayiwo maso awo sankaona patali. Anamva chiphokoso chokha. Anagwira mwana wawo dzanja n'kufunsa:

"Kodi ndi lole ija? Abweretsa mawindo athu?"

Chaphuma anangogwada m'matope, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Phunziro: Chinthu chimene chakhala zaka zambiri chili chilili, musathamangire kuchizula musanafunse chimene chikunyamula. Mverani wachibale amene akukuuzani zowawa, osati mlendo wolonjeza changu, ndipo mukaona kuti mwalakwitsa nenani msanga, chifukwa manyazi sachirikiza khoma. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka amene akuganiza zokonza nyumba ya makolo awo.