Dzira la Esinati

M'mawa uliwonse ngolo ya boma yoyendera mphamvu ya dzuwa inkaima pakhomo lililonse, n'kusiya masamba, zipatso ndi dzira la mayi woyembekezera. Esinati anali woyembekezera ndipo anali atachepa magazi, koma dziralo ankangoliona ndi maso. Apongozi ake, a Nangozo, ankalipereka kwa amuna awo, a Mbewe.

"Mukadya, mwana adzabadwa wadazi," ankatero.

Tsiku lina Esinati anachita chizungulire akusinja, n'kukhala pansi. Ataona izi, a Mbewe anakankha mbale ya dzira, navula chipewa, mutu uli nyezinyezi.

"A Nangozo, mayi anga sanalawepo dzira. Taonani phindu lake."

A Nangozo anaseka mpaka misozi. Dziralo analisenda okha, napatsa Esinati.

"Idyani, mayi. Wadazi tasunga kale mmodzi, wachiwiri sangativute."